Fani Sidziwa Kutentha

Masana a Lachinayi, mu Arequipa,
takisi ya Eleuterio inafera pakati pa mzere wa magalimoto,
ikulavula nthunzi ngati ketulo yoiwalika pamoto.
Anaikankha ndi phewa mpaka pa galaja pathu,
malaya ali chonyowa, pakamwa pali matemberero:
"Fani yaulesi! Imangopenya injini ikupsa!"

Mayi Fermina sanamuyankhe.
Anapukuta girisi pa ovololo
nandikodola ndi chibwano.

Fani, anatero, sidziwa kutentha.
Mapiko ili nawo asanu ndi awiri, khungu ilibe.
Wakumva ndi aka,
kamkuwa kofanana ndi chala cha mkombaphala,
kobisala pakhosi pa injini, mphuno m'madzi.
Madzi akamafunda, iko kamafewetsa njira ya magetsi,
pang'ono, pang'ono,
ndipo kompyuta imawerenga kufewako
monga namwino wogwira chipumi cha mwana.
Madigiri makumi asanu ndi atatu: ili duu.
Makumi asanu ndi anayi: ikadali duu.
Poyandikira zana m'pamene imati, tsopano.

Koma liwu lake n'lowonda,
silingadzutse mota.
N'chifukwa chake pakati pali mthenga, rileyi,
kabokosi kakuda kosadzaza chikhatho.
Kakamva kunong'onako kamati tche!
n'kutsegulira batire chipata chachikulu.

Ukamathamanga panjira yopita ku Yura
mphepo imalowa yokha, fani imagona tulo.
Ntchito yake ndi muno,
momwe galimoto imakwawa ngati nkhono,
phiri la Misti likutiyang'ana opanda chifundo.

Tinayamba ndi fyuzi. Inali yamoyo.
Kenako anazula waya wa kamkuwa kaja.
Kompyuta ikasowa nkhani imachita mantha,
imalamula fani izungulire mpaka mathero,
poti kuzizira kopitirira sikupha injini.
Tinadikira.
Tche!
Mapiko osagwedezeka.

Wamva? anandifunsa.
Ndamva.
Nanga waona chiyani?
Palibe.

Anatulutsa rileyi ndi zala ziwiri
ngati dzino logwedera,
natenga kawaya kopinda, nalumikiza mabowo awiri,
ndipo fani inabangula, vuuu,
fumbi la sabata yonse n'kutigwera m'maso,
malisiti a Eleuterio n'kuulukira kumsewu.

Atang'amba kabokosiko ndi sikulu diraiva
tinapeza milomo yake iwiri itapsa, yakuda bii.
Kamamva ndithu. Kamavomera ndithu.
Koma chodutsa panalibe.

Masole khumi ndi asanu, basi.
Eleuterio analipira atawerama,
natambasula dzanja kuti asisite fani, aipepese.
Mayi Fermina anamumenya pamkono, phwa!
Chotsa! Iyi imadzuka ngakhale kiyi ali m'thumba.
Injini ikazima, kutentha sikuzima nayo.

Madzulo ndikusesa, ndinatola rileyi yakufayo.
Sindinaiponye m'mgolo.

Mlongo wanga Ubaldina ali ku Juliaca ndi amayi.
Abambo ali ku mgodi, kuseri kwa mapiri,
ndipo awiriwo salankhulana chichokereni chaka cha maliro.
Ubaldina ndiye amagwira chipumi usiku,
ndiye amawerenga chifuwa cha amayi,
n'kundiimbira ine Lamlungu lililonse:
uwauze, chakula, mankhwala atha.
Ine ndimati, ndamva.
Ndimati, ndiwauza.
Tche.

Miyezi inayi tsopano.
Ndakhala ndikuwatukwana mumtima abambo,
munthu waulesi, wongopenya nyumba ikupsa.

Ndinakhala pa tayala lakale kuseri kwa galaja,
kabokosi kudzanja ili, foni kudzanja linalo,
fungo la madzi a radiyeta likadali m'zikhadabo.
Kutsidya kwa msewu wina anaimika galimoto, natseka, napita.
Patapita kamphindi, mumdima, popanda munthu,
fani yake inadzuka yokha
n'kuyamba kupemerera chitsulo chotentha.

Nambala ya abambo inalira kasanu.
Kachisanu ndi chimodzi ndinamva mpweya wawo.